Nsalu ndi Khungu Lathu: Kabuku Kothandiza Mabanja Posankha, Pochapa ndi Povala Zovala

Mawu oyamba

Pogula chovala, ambiri timayang'ana mtengo, maonekedwe ndiponso ngati chikutikwana. Za ulusi umene chovalacho chinapangidwira sitifunsa kawirikawiri. Komatu ulusiwo ndi umene umakhala pakhungu kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndi umene umachititsa kuti thukuta liume msanga kapena likhalitse pathupi.

Kabuku kano ndi ka makolo, olera ana, matelala, ogulitsa kaunjika ndi magulu a m'midzi amene amaphunzira zaumoyo. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: palibe nsalu yabwino pa chilichonse, ndipo palibe yoipa pa chilichonse. Chofunika ndi kudziwa nsalu yoyenera kugunda khungu, yoyenera kukhala pamwamba, ndi kasamalidwe kake. Ndalama zikachepa, yambani mwakonza zovala zamkati.

1. Ulusi ulipo wa magulu atatu

Gulu loyamba ndi ulusi wachilengedwe. Wodziwika kwambiri ndi thonje, lomwe limalimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi madera ena otentha. M'gulu lomweli muli ubweya wa nkhosa, silika amene amachokera ku timbozi, ndi ulusi wa chomera chotchedwa flax umene umapanga nsalu ya linen.

Gulu lachiwiri ndi ulusi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Ulusiwu ndi pulasitiki wowombedwa. Nayiloni anapangidwa koyamba mu 1935 ku kampani ya DuPont ku America, ndipo poliyesitala wa zovala anatulukira ku Britain mu 1941, n'kuyamba kugulitsidwa ndi dzina la Terylene. M'gulu lino mulinso akiriliki, amene amapanga majuzi ndi mabulangete ambiri a pamsika, ndi ulusi wotamuka umene umaikidwa m'zovala zothina. Lero ulusi woposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko lapansi ndi poliyesitala, n'chifukwa chake belo ya kaunjika ikamasulidwa zovala zambiri zimakhala za mtundu umenewu.

Gulu lachitatu lili pakati. Visikosi amachokera ku mitengo, koma mitengoyo imasungunulidwa ndi mankhwala kenako n'kuwombedwa. Amayamwa thukuta bwino ndipo amazizira pathupi, kungoti amafooka akanyowa. Zovala zambiri zolembedwa kuti ndi za nsungwi zimakhala visikosi yemweyu.

2. Thukuta ndilo gwero la nkhani

Thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta, ndipo kuzizirako kumachitika thukutalo likamauma. Nsalu zimasiyana pa kayamwidwe ka chinyezi. Magalamu 100 a thonje louma amakoka chinyezi cha mumpweya chokwana magalamu pafupifupi 8. Nayiloni amakoka pafupifupi 4, ubweya wa nkhosa pafupifupi 15, koma poliyesitala safika ndi galamu imodzi yomwe.

Tanthauzo lake n'lakuti thonje limachotsa thukuta pakhungu n'kulisunga mu ulusi wake. Poliyesitala saliyamwa. Akakhala wolukidwa mothithikana ndiponso wothina, thukuta limatsalira pakati pa nsalu ndi khungu. Kuvala malaya otero mu Okutobala ku Nchalo kuli ngati kudzikulunga m'jumbo.

Koma thonje nalo lili ndi mbali yake yoipa. Likanyowa limachedwa kuuma, limalemera, ndipo limakhula khungu la munthu amene akuthamanga kapena kupalasa njinga. Kukazizira, malaya athonje onyowa amalanda kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake majezi a mpira amapangidwa ndi poliyesitala wolukidwa ndi timabowo ting'onoting'ono, kuti thukuta lidutse n'kukauma kunja. Choncho musangofunsa za ulusi wokha. Onaninso kalukidwe ndi kukula kwa chovala. Malaya a poliyesitala otakasuka akhoza kupepuka pathupi kuposa jinzi yathonje yothina.

Nkhani ina ndi fungo. Thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Fungo limadza mabakiteriya akamadya mafuta a m'thukutalo. Poliyesitala amakana madzi koma amagwira mafuta, choncho amasunga fungo. Ofufuza a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anaonetsa zimenezi mu 2014: anthu atachita masewera opalasa njinga, malaya a poliyesitala ankanunkha kwambiri tsiku lotsatira kuposa athonje. Jezi ndi yofunika kuchapa tsiku lomwe yavalidwa.

3. Mmene mungadziwire nsalu pamsika

Yambani ndi kachikwangwani kosokedwa pakhosi kapena m'mbali mwa chovala. Poti kaunjika amachokera kumayiko osiyanasiyana, mawu ake amasiyananso.

Thonje limalembedwa kuti Cotton, Coton, Baumwolle kapena Algodão.
Ubweya wa nkhosa umalembedwa kuti Wool, Laine kapena Wolle.
Ulusi wapulasitiki umalembedwa kuti Polyester, Nylon, Polyamide kapena Acrylic.
Ulusi wotamuka umalembedwa kuti Elastane, Spandex kapena Lycra.
Wa mitengo uja umalembedwa kuti Viscose, Rayon kapena Modal.

Nambala zimene zili pambali pa mawuwa zimanena kuchuluka kwa ulusi uliwonse. Chovala cholembedwa 65% Polyester ndi 35% Cotton chili ndi pulasitiki wambiri kuposa thonje, ndipo nsalu zambiri za yunifomu ndi zosakaniza chonchi.

Zitenje ndi nsalu zoyeza pa mita nthawi zambiri sizikhala ndi kachikwangwani. Pamenepo yesani njira izi.

Kufinya: fumbatani nsaluyo mwamphamvu kenako tayani. Thonje limatsala ndi makwinya. Poliyesitala amabwerera msanga.

Dontho la madzi: pa thonje lochapidwa kale, dontho limalowa nthawi yomweyo. Pa nsalu yapulasitiki limayamba lakhala pamwamba. Dziwani kuti chitenje chatsopano chimakhala ndi zolimbitsa nsalu, choncho njirayi imagwira bwino mukachichapa kaye.

Kuwotcha kaulusi: sololani timaulusi pang'ono m'mphepete, tigwireni ndi kawaya, ndipo muyatse panja pali madzi pafupi. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala ndi nayiloni amakhwinyata, amasungunuka, n'kusiya kambulu kolimba. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umazima wokha. Ana asachite zimenezi.

4. Mavuto a pakhungu amene nsalu imawonjezera

Zidzolo za kutentha. Timabowo totulutsa thukuta tikatsekeka, pamatuluka totupa ting'onoting'ono toyabwa pakhosi, pamsana, pachifuwa ndi m'mapindiko. Makanda ndi amene amavutika kwambiri. Mankhwala ake oyamba ndi kuchepetsa zovala, kusamba madzi ozizirira, ndi kuvala thonje lopyapyala. Mafuta olemera opaka amangotsekeratu timabowoto.

Matenda a mafangasi. Mafangasi amakonda malo ofunda ndi achinyezi: m'mphechepeche, pansi pa mawere, m'khwapa ndi pakati pa zala za kumapazi. Nsalu siyambitsa matendawa, koma kabudula wamkati wanayiloni, zothina zovala tsiku lonse, ndi masokosi onyowa m'jombo zimawapatsa malo abwino okulira. Amayi amene amavutika ndi mauka kawirikawiri amalangizidwa kuvala panti wathonje ndi kugona ndi zovala zomasuka. Zimenezi zimathandiza kupewa koma sizichiza. Kuyabwa kukamabwerabwera, pitani kuchipatala, chifukwa nthawi zina kumasonyeza matenda a shuga kapena matenda ena.

Khungu louma loyabwa. Ana ndi akulu ena ali ndi khungu losachedwa kuuma, kuyabwa ndi kusweka, makamaka kuseri kwa mawondo ndi mkati mwa zigongono. Kwa iwowa, ulusi wachilengedwe si onse umene uli wabwino. Ubweya wa nkhosa wokhakhala umabaya khungu ndipo umawonjezera kukanda. Avale malaya athonje ofewa mkati, juzi pamwamba. Dulani tizikwangwani tokanda, ndipo ngati misoko ikukhula, malaya amkati akhoza kuvalidwa motembenuza.

Kusagwirizana ndi utoto kapena mankhwala. Nthawi zambiri chimene chimatupitsa khungu si ulusi koma zimene zathiridwa mu ulusiwo. Utoto wina wa nsalu zapulasitiki, makamaka wabuluu ndi wakuda, umasuluka ndi thukuta n'kulowa pakhungu. Malaya athonje osachita makwinya amathiridwa mankhwala okhala ndi formaldehyde, amene ena sagwirizana nawo. Mphira wa m'chiuno mwa kabudula ndi chitsulo cha batani la jinzi kapena cha lamba nazonso zimayabwitsa ena. Chizindikiro chake n'chakuti zidzolo zimatsata pamene chovala chimathina: m'chiuno, kuzungulira khwapa, mkati mwa ntchafu, kapena pansi pa mchombo. Siyani chovalacho kwa masabata awiri muone ngati pali kusintha. Batani lachitsulo mukhoza kulisokera kansalu kuseri.

5. Moto: ngozi imene ambiri saiganizira

M'mabanja ambiri timaphika pa mbaula kapena pa nkhuni, ndipo nyengo yozizira timawotha moto. Apa kusiyana kwa nsalu n'kwakukulu. Poliyesitala ndi nayiloni akagwira moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo chilonda chake chimakhala chozama. Akiriliki amayaka mwamphamvu. Thonje lopyapyala nalo limayaka msanga, koma silisungunuka. Nsalu zosakaniza zimayaka ndi kudontha nthawi imodzi. Ubweya wa nkhosa ndi umene umavuta kuyaka.

Pophika, mangani chitenje chathonje chokhuthala ndipo musasiye nsonga zikulendewera. Tidiresi ta ana tonyezimira tokhala ndi nsalu yonga neti si tovala pafupi ndi moto, kandulo kapena koloboyi. Munthu wodwala khunyu asakhale yekha pamoto.

Chovala chikagwira moto, munthu asathamange. Agone pansi, aphimbe nkhope, agubuduke. Thirani madzi kapena mufunditseni chinthu chokhuthala chonyowa. Kenako thirani madzi ozizira oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20. Nsalu imene yamatirira musaimatule, ingodulani mozungulira. Musapake mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena dothi. Phimbani ndi nsalu yoyera ndi kupita kuchipatala.

6. Pamene nsalu yapulasitiki imapambana

Dzuwa. Kwa anthu achialubino, dzuwa limawotcha khungu ndipo limayambitsa khansa yapakhungu. Malaya oyera athonje opyapyala amalowetsa kuwala koopsa kochuluka, ndipo akanyowa amalowetsa koposa. Poliyesitala, nsalu zolukidwa mothithikana, ndi za mtundu wodera zimatchinga bwino. Yang'anitsani nsaluyo kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa kwambiri, chitetezo chake n'chochepa. Mwana wachialubino avale malaya a manja aatali otakasuka, buluku kapena siketi yaitali, ndi chipewa chakhonde, komanso adzole mafuta oteteza kudzuwa pamalo oonekera.

Fodya wonyowa. Masamba a fodya akakhala ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimasungunukira m'madziwo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Malaya athonje onyowa amasunga madziwo pathupi tsiku lonse. Valani chotchinga madzi pamwamba ndi magolovesi, ndipo zovala zikanyowa sinthani n'kusamba ndi sopo. Ana asagwire ntchito imeneyi.

Mankhwala opopera mbewu. Thonje limayamwa mankhwala a tizilombo. Popopera valani ovolosi, jombo ndi magolovesi amphira, ndi chotchinga chapulasitiki kumsana kumene kumakhala chopoperacho. Zovala zimenezi zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za banja, ndipo madzi ake asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena mtsinje.

Dzinja. Yunifomu yosakaniza imauma msanga ndipo sichita chuku ngati yathonje lokhalokha. Mwana akavala vesiti yathonje mkati, amapindula mbali zonse ziwiri.

7. Kuchapa, kuyanika ndi kusita

Chovala chilichonse chimene mwagula, chatsopano kapena cha kaunjika, chichapidwe musanavale. Kuchapa koyamba kumachotsa utoto wotsalira, zolimbitsa nsalu ndi fumbi la m'belo. Chovala chimene chikutulukabe utoto mutachichapa katatu chisavalidwe pakhungu penipeni.

Tsukuluzani mpaka thovu litatheratu. Sopo wotsalira mu nsalu amayabwitsa anthu ambiri amene amaganiza kuti vuto ndi nsaluyo. Zovala za khanda zichapidwe ndi sopo wopanda fungo lamphamvu.

Yanikani pachingwe, padzuwa. Musayanike pansi, paudzu kapena pamthunzi. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zachinyezi, makamaka zimene zili ndi fungo la mkodzo kapena thukuta. Mazirawo akaswa, mphutsi zimalowa pakhungu n'kupanga chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana ndi amene amapezeka nazo kwambiri. Kusita kumapha mazirawo, choncho sitani mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Thonje limapirira simbi yotentha kwambiri, ndipo ichi ndi chifukwa china chosankhira thonje pa matewera ndi zovala za ana. Nsalu yapulasitiki imapserera, choncho yalani kansalu kathonje pamwamba pake musanasite. Mphutsi ikalowa kale, pakani Vaseline pakabowopo kuti isowe mpweya ndi kutulukira kunja. Musaboole ndi singano kapena lezala.

Zovala zamkati ndi nsalu za kumwezi zimafunika dzuwa kuposa zovala zina zonse. Ambiri amaziyanika mobisa m'nyumba chifukwa cha manyazi, ndipo zimavalidwa zisanaume. Ziyanikeni panja n'kuphimba ndi chitenje chopyapyala.

Mphere ndi nsabwe sizisankha ulusi. Tizilombo ta mphere tikachoka pathupi timafa pakatha masiku awiri kapena atatu. Pakhomo pakapezeka mphere, onse alandire mankhwala tsiku limodzi. Zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha, kapena zimangidwe m'thumba lapulasitiki kwa mlungu umodzi. Nsabwe za m'zovala zimabisala m'misoko, ndipo simbi yotentha imazipha.

8. Malangizo kwa aliyense pabanja

Khanda: thonje lofewa likhale loyamba pakhungu. Kukatentha, musamuveke juzi, chipewa ndi bulangete lokhuthala nthawi imodzi. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake: ngati kuli thukuta, chotsani chimodzi. Kukazizira, makamaka kwa wobadwa kumene kapena wobadwa masiku asanakwane, chipewa ndi kumufungatira pachifuwa n'zofunika. Thewera lisinthidwe likangonyowa, ndipo kabudula wapulasitiki wapamwamba asakhale tsiku lonse.

Mwana wasukulu: akhale ndi masokosi osachepera mapeyala awiri osinthana. Akaweruka avule nsapato ndi yunifomu.

Amayi ndi atsikana: diresi lonyezimira la ku ukwati kapena ku tchalitchi silivuta ngati telala waika nsalu yathonje mkati. Muuzeni musanasoketse, chifukwa ambiri amaika yoterera yapulasitiki poti ndi yotchipa.

Abambo ndi anyamata a ntchito zolemetsa: akabaza, omanga ndi onyamula katundu asinthe kabudula wamkati tsiku lililonse, ndipo asagone ndi zovala za kuntchito.

Odwala ogonera ndi okalamba: pepala lapulasitiki loteteza matiresi lisagunde khungu. Yalani nsalu yathonje pamwamba, ikhale youma ndi yopanda makwinya, ndipo wodwalayo atembenuzidwe maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda.

9. Ndalama zikachepa

Simukuyenera kutaya zovala zimene muli nazo. Tsatani ndondomeko iyi pogula. Poyamba, zovala zamkati zatsopano zathonje za aliyense. Kachiwiri, matewera ndi zovala za khanda. Kachitatu, chitenje chathonje chophikira ndi choberekera. Majekete, masiketi otakasuka, mabulangete ndi zovala za mvula zikhoza kukhala zapulasitiki popanda vuto. Chitenje chathonje chakale chimene chafewa ndi kuchapidwa musachitaye: telala akhoza kusokapo pitikoti, timalaya ta mwana kapena nsalu ya pilo.

10. Nthawi yopita kuchipatala

Onanani ndi mlangizi wa zaumoyo kapena pitani kuchipatala ngati:

zidzolo sizikusintha patatha mlungu umodzi mutasintha zovala ndi sopo;
pali mafinya, matuza, kutupa kofalikira kapena thupi latentha;
kuyabwa kukukula usiku ndipo ena pakhomo ayambanso kukanda;
khanda lili ndi zidzolo ndipo likukana kuyamwa;
munthu wachialubino ali ndi chilonda chosapola kapena chotupa chachilendo;
milomo, nkhope kapena khosi zatupa, kapena kupuma kukuvuta. Apa musachedwe ngakhale pang'ono.

Musagule mankhwala opaka pamsika mongoganizira. Ena ali ndi mphamvu yoziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa pamene mafangasi akufalikira, ndipo amapyapyalitsa khungu. Popita kuchipatala tengani chovala chimene mukuchikayikira ndi mankhwala amene munapaka kale.

Zochita pagulu

Aliyense abweretse zovala ziwiri za kunyumba, chimodzi chamkati cha mwana ndi china chapamwamba. Werengani tizikwangwani pamodzi, yesani kufinya ndi dontho la madzi, ndipo muzigawe m'milu itatu malinga ndi magulu a ulusi. Kenako kambiranani mafunso awa:

Ndi zovala ziti mwa izi zimene siziyenera kuvalidwa pophika?
Kodi pakhomo panu zovala za ana zimayanikidwa pati, ndipo zimasitidwa?
Ndani m'mudzi mwathu amene akufunika zovala zoteteza kudzuwa, ndipo gulu lingamuthandize bwanji?
Ndi chinthu chimodzi chiti chimene banja lanu lisinthe tisanakumanenso?